Kulondola mapazi a Chilembwe pa njinga yobwereka

Alamu anga atamva zoti ndikufuna kubwereka njinga yawo yamoto kwa masiku atatu, funso lawo loyamba linali loti kodi kumudzi kwagwa zovuta. Nditawauza kuti ayi, ndikufuna ndikangoona malo omwe John Chilembwe ndi anthu ake anadutsa m'masiku awo omaliza, anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu yemwe mutu wayamba kumusokonekera.

"Alamu, petulo wovuta chonchiyu mukufuna mukawotchere manda?" anatero uku akupisa m'thumba. "Chilembwe si uyu ali pa K2,000 apayu? Muoneni pompano mundibwezere."

Tinaseka tonse, koma mau amenewa ndi omwe andichititsa kulemba nkhaniyi. Ambiri a ife Chilembwe timamudziwa chomwecho basi: nkhope ya pa ndalama, ndi tchuthi cha pa 15 January chomwe boma la a Bakili Muluzi linatipatsa. Ine ndemwe, amene ndinakhalako zaka ziwiri ku yunivesite kuphunzira mbiri yakale fizi isanandidule miyendo, ndinalembapo mayeso za munthuyu n'kukhoza bwinobwino, koma ku Mbombwe ndinali ndisanapondeko. Chonsecho kuchoka ku Ndirande komwe ndimachita lendi kukafika kumeneko si ulendo wogona panjira.

Njingayo anandibwereka, mu August 2025. Ndi ya 125cc, mtundu womwewu wadzaza m'misewu ndi anyamata a kabaza. Malamulo anali ambiri kuposa a Mose: oyilo ndiziona m'mawa uliwonse, tcheni chisakhwepe, usiku ndisayende, chipewa chisachoke kumutu. Pakaliyala anandimangirira pampu, masipana atatu ndi chubu chatsopano chomwe anati ndikachigwiritsa ntchito ndigule china.

Ndinayambira pa Mandala mu Blantyre, pa nyumba yosanja ija yomwe inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa abale awiri omwe ankayendetsa kampaniyo. Anthu amadutsa pamenepa tsiku lililonse popita kukagula zitsulo za galimoto, osadziwa kuti usiku wa pa 23 January 1915 gulu la anthu a Chilembwe linafika ku Mandala kuno wapansi kuchokera ku Chiradzulu, kudzathyola nyumba yosungira mfuti. Zinthu sizinayende. Alonda anakuwa, azungu anadzuka, ndipo gululo linathawa ndi mfuti zowerengeka chabe. Ena anagwidwa n'kuwomberedwa pasanathe masiku awiri. Tinganene kuti nkhondo ya Chilembwe inalephera usiku womwe inayambawo, ndipo inalepherera pakati pa tauni yathuyi.

Njira yomwe iwo anayenda usiku ndi mapazi ine ndinaiyenda chobwerera, masana, nditakhala pa mpando wa siponji. Ndinadzera ku Limbe, kutenga msewu wa Midima, n'kukakhotera pa Nguludi Turn-off. Pa mishoni ya Akatolika ya Nguludi napo panafika moto wa nkhondoyi pa 26 January, pomwe nyumba inatenthedwa ndipo wansembe mmodzi anavulazidwa kwambiri. Sindinaimepo nthawi, mtima unali ku PIM.

Ku Mbombwe ndi kokhako pa ulendo wonsewu komwe sindinavutike kupeza. Providence Industrial Mission ndi mpingo wamoyo, uli ndi sukulu, chipatala ndi tchalitchi chachikulu, ndipo aliyense m'njira amakulozerani. Chilembwe anaukhazikitsa mu 1900 atabwera kuchokera ku America, komwe anapita mu 1897 ndi Joseph Booth n'kukaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Tchalitchi chake cha njerwa chinatha mu 1913. Patangopita zaka ziwiri asilikali a boma la atsamunda anachiphulitsa ndi mabomba, ndipo mishoniyo inakhala yotseka mpaka mu 1926 pomwe Dr Daniel Malikebu analoledwa kuitsegulanso.

Zotsalira za tchalitchi chakalecho zilipo. Ndinaima pamenepo, injini nditazimitsa, n'kumayang'ana njerwa zomwe anthu anaumba ndi manja awo, kuwotcha okha, kusenza okha, pa nthawi yomwe mzungu ankati munthu wakuda sangamange chinthu choongoka popanda kapitawo. Apa mpomwe pa 24 January 1915, tsiku Lamulungu, Chilembwe analalikira mutu wa William Jervis Livingstone uli poonekera. Mfundo imeneyi pa zikondwerero za pa 15 January timailumpha msangamsanga, koma inachitika, ndipo munthu ukaima pamalopo sungailumphe. Inenso sindikuti zinali zabwino. Ndikungoti kuti umvetse chomwe chinafikitsa mbusa wophunzira, wovala suti, pa chinthu chotero, uyenera kupita komwe mutuwo unachokera.

Ndisanachoke, ndinazindikira kuti chipewa changa cha njinga ndachivula ndekha, chili m'manja. Zinandikumbutsa chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley patsogolo pa tchalitchichi, onse awiri atavala zipewa, pa nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu. Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaumba chiboliboli kuchokera pa chithunzi chimenechi, Chilembwe atamukuza kuposa mzunguyo, ndipo chinaima pa Trafalgar Square mu London kuyambira 2022 mpaka 2024. Anthu miyandamiyanda anachiona kumeneko. Sungani mfundo imeneyi awerengi, tiifuna kutsogoloku.

Kuchoka ku Mbombwe kupita ku Magomero munthu wanzeru amabwerera ku phula, kukatenga msewu wa Zomba n'kukakhotera cha ku Namadzi. Ine ndinati ayi, ndidzera njira zachidule za kumudzi, poti anthu a Chilembwe sanadzere pa phula. Apa mpomwe njinga yamoto inaonetsa ubwino wake, komanso mpomwe ine ndinaonetsa uchitsiru wanga.

Ubwino wake ndi uwu. Minibasi imakusiya pa siteji, kwinako uziona wekha. Galimoto, kwa omwe ali nayo, imakafika pa mtsinje pomwe mlatho unakokoloka n'kubwerera. Koma kanjinga aka kamadutsa pa mlatho wa mitengo itatu, kamalowa m'kanjira ka pakati pa minda ya nandolo, ndipo pakavuta zedi umatsika n'kukakankha. Chinanso chomwe sindinkachiganizira n'choti munthu wa pa njinga anthu amamuyankhula momasuka. Ukafika pamudzi pa galimoto ndiwe bwana, kapena wa bungwe wodzalemba maina, ndipo aliyense amayamba kuyankha mochenjera. Ukafika pa njinga, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, ndiwe mwana wa winawake amene wasochera basi.

Ndipo kusochera ndinasocheradi. Lamya yanga ili ndi mapu, koma mapuwo anandionetsa msewu pomwe panali munda wa chinangwa, kenaka netiweki inathawa. Pa mphambano zonse zomwe ndinadutsa m'njira zimenezi sindinaone chikwangwani ngakhale chimodzi chonena za Magomero. Zikwangwani zinalipo, za mipingo, za mabungwe, china cha sing'anga wobweza mkazi wothawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine tsiku limenelo phulalo ndinkachita kulilakalaka.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza yemwe ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akudikira makasitomala.

"Bigi, mwatayika kwambiri," anatero. "Tsatireni, koma mundiganizire ya mafuta."

Ndinamutsatira. Mnyamata ameneyu, wa zaka mwina 22, ankadziwa dzenje lililonse, pomwe pali mchenga woterera, pomwe agalu amathamangitsa njinga, pomwe mlatho uli ndi thabwa lothyoka. Titaima kuti timwe madzi ndinamufunsa ngati akudziwa chomwe chinachitika ku Magomero.

"Kumabwera azungu nthawi zina kudzaona manda," anayankha. "Amati ndi a m'busa wakalekale. Ine ndimangowaperekeza."

Mandawo ndi a Henry Burrup, ndipo nkhani yake ndi yakale kuposa ya Chilembwe. Mu July 1861 David Livingstone anafika m'dera lino ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi amishoni a UMCA. Ali m'njira, pa mudzi wa Mbame, anamasula akapolo 84, ndipo anthu amenewa ndi omwe anayamba nawo mishoni ya Magomero, yoyamba m'dziko muno. Sinakhalitse. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 komwe Ruo amathira mu Shire, Burrup anabwerera ku Magomero ali wodwala n'kumwalira patangopita milungu yochepa, ndipo otsalawo anasamukira kwa Chibisa ku chigwa cha Shire.

Tsono taonani m'mene mbiri imapotokera. Malo omwewa, omwe anayamba ngati pothawira akapolo omasulidwa, anadzagulidwa ndi Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone yemwe anakwatira mwana wake Agnes. Minda ya A. L. Bruce Estates inali maekala pafupifupi 170,000, ndipo woyang'anira wake pa Magomero anali William Jervis Livingstone uja. Dzina lomwe linadula magoli a akapolo mu 1861 ndi lomwe linadzakhala dzina la chikoti patapita zaka 50.

Izi ndinaziwerenga kale m'buku la Landeg White la mu 1987 lotchedwa Magomero. Koma kuzimva ndinazimva kaamba ka msomali. Tikuyandikira, tayala lakumbuyo linaphwa, ndipo tinakankhira njinga kwa mkulu wina wokonza njinga zakapalasa pa kamsika. Iye akulimbana ndi chubu cha alamu anga, pa benchi panali gogo wina wachimuna, wa zaka za m'ma 70 kapena kupitirira, yemwe anafuna kudziwa kuti mlendoyu akufuna chiyani.

"Mwati za Listonia?" anatero nditafotokoza. Ndi m'mene anthu akuno ankamutchulira William Jervis Livingstone. "Khalani pansi mwana wanga. Agogo anga aakazi anatola thonje m'munda mwake."

Anati makolo awo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, othawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo atafika kuno anapatsidwa pokhala pa malo a mzungu. Mtengo wake unali thangata. Pa mapepala, munthu ankagwira mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Koma mwezi wa pa esiteti, anatero gogoyo, sunkatha ndi kalendala, unkatha kapitawo akafuna. Tsiku lomwe sunamalize ndime silinkalembedwa. Malipiro ena ankaperekedwa ngati fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye nawo ankagwira. Anthu atamanga matchalitchi audzu a mpingo wa Chilembwe pa esitetiyo, anawatentha.

"Ndiye mukamamva kuti anamudula mutu, musamangoti anthu akale anali ankhanza," anatero. "Koma akazi ndi ana a azunguwo sanawakhudze. Zimenezo muzilembanso."

Ndalemba agogo. Ndi zoona, ndipo mabuku akuvomereza: azungu atatu anaphedwa usiku umenewo, Livingstone ndi Duncan MacCormick pa Magomero, ndi Robert Ferguson ku Mwanje, koma amayi ndi ana anatengedwa n'kudzamasulidwa osavulazidwa. Ngakhale komiti yomwe boma la atsamunda linakhazikitsa kuti ifufuze za kuukiraku inavomereza kuti anthu pa minda ya Bruce ankazunzidwa. Thangatalo silinathe ndi imfa ya Listonia, linapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kutanthauza kuti gogo ndinakhala nayeyu analiona ndi maso ake ali mwana.

Chomwe chinandikhudza n'choti mnyamata wa kabaza uja, amene ndinkaganiza kuti watopa ndi nkhani za madala, anali atakhala pa njinga yake kukamwa kuli yasa. Kwawo ndi komweko. Agogo ake mwina anatola nawo thonje lomwelo. Sukulu analekeza Fomu 2, ndipo za Chilembwe ankangodziwa kuti ndi wa pa ndalama, ngati alamu anga. Pomwe tinkasiyana anandifunsa kuti, "Bigi, chaka chija mwati 19 chani?" n'kuchilemba mu lamya yake.

Ndinakagona ku Zomba pa resitihausi ina yotchipa, komwe mlonda anandilola kulowetsa njinga m'khonde nditamugulira tiyi. Za Zomba, likulu la dziko lino mpaka 1975, ndi nyumba zake zakale ndi chipilala cha asilikali a KAR, tidzakamba tsiku lina. Ndingonena kuti chipilalacho chikukhudzana ndi nkhani yathuyi: mu November 1914 Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufa pa nkhondo ya azungu yomwe sadzapindula nayo kanthu. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Patangotha miyezi iwiri zinthu zinaphulika.

M'mawa mwake ndinatenga msewu wa Jali kulowera ku Phalombe, msewu uja unatenga zaka zambirimbiri kuti uthe. Pa njinga yaing'ono ngati iyi phula silisangalatsa kwenikweni. Mphepo ya m'dambo imakukankha chammbali, malole akamadutsa umachita kugwira zolimba, ndipo ukapitirira 70 injini imalira ngati ikupempha chikhululuko. Koma phiri la Mulanje limakula pang'onopang'ono patsogolo pako, Michesi ali kumanzere kwake, ndipo umayamba kumvetsa chomwe munthu wothawa ankaona: kuseri kwa mapiri awo kuli Mozambique, kuli moyo.

Chilembwe sanafikeko. Asilikali atalanda Mbombwe iye anathawira chakuno, munthu wodwala mphumu ndi maso ovuta, ndipo pa 3 February 1915 apolisi achikuda omwe ankamusaka anamuwombera kufupi ndi phiri la Mulanje. Anamuika m'manda opanda chizindikiro, dala, kuti anthu asamadzapiteko. Otsatira ake pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuwomberedwa, ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Kuyambira pa Mandala mpaka pa imfa yake ndi masiku 12 okha.

Poti manda oti ndikaone panalibe, ndinakwera kupita ku Fort Lister, pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mpata umenewu unali njira ya akapolo opita ku Quelimane kunyanja yamchere, ndipo Angerezi anamangapo linga mu 1893 kuti aitseke. Msewu wake ndi womwe umatsikira ku Nkhulambe, dera lomwe namondwe wa Freddy analisakaza koopsa mu March 2023. Zipsera zake zinali zikuonekabe: miyala ikuluikulu ngati nyumba itakhala pomwe panali minda, mitsinje itasintha njira. Giya wani, miyendo pansi, kukwera pang'onopang'ono. Pa khwawa lina tayala lakutsogolo linaterera pa mwala, ndipo ine ndi njinga ya alamu tinagona chammbali. Galasi lakumanzere linasweka, chigongono chinasupuka. Ana omwe ankadyetsa mbuzi anaseka kaye, kenaka anabwera kudzandidzutsa.

Ana omwewo ndi omwe anandilondolera ku lingalo, wapansi, njinga titaisiya pa nyumba ina. Zomwe zatsala ndi zidutswa za makoma m'tchire ndi manda ochepa. Mu July 2025, mwezi umodzi ndisanafike, bungwe la UNESCO linali litangoika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, kutsatira nyanja yathu ku Cape Maclear ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni. Tinaomba m'manja, ndipo n'koyenera. Koma pa linga lija tsiku limenelo panali ine, ana anayi ndi mbuzi.

Tsono tibwerere ku chiboliboli cha ku London chija. Mzungu wa ku Britain anatha kuona Chilembwe zaka ziwiri osachoka mu mzinda wake, atalemberedwa bwinobwino kuti uyu ndi ndani. Mwana wa ku Chiradzulu, yemwe amadutsa pa malo enieniwo kasanu pa tsiku atanyamula matumba a chimanga, palibe anamuuza. Sindikupempha mahotela kapena misonkhano ya ku nyanja yokambirana za ntchito zokopa alendo, imeneyo yachitika yokwanira. Ndikunena zinthu zotchipa: chikwangwani cha chitsulo pa mphambano, cholembedwa m'Chichewa, chonena kuti Magomero ndi uku, makilomita akuti, ndipo kunachitika zakuti. Ndi masiku awiri kapena atatu ophunzitsa anyamata a kabaza a ku Namadzi, ku PIM ndi ku Phalombe mbiri ya kwawo, kuti akanyamula mlendo azimuuza nkhani n'kulandira kangachepe koposa ka mafuta. Njira akuidziwa kale kuposa mapu a mu lamya. Agogo odziwa nkhani alipo, koma sakhalapo nthawi yaitali.

Ndikudziwa chomwe ena anene, ndipo sakunama. Njinga zimenezi zapha ndi kulumaza anthu ambiri, zipatala zathu zadzaza ndi othyoka miyendo, ndipo anyamata ambiri akuyendetsa opanda laisensi, opanda chipewa, atakweza anthu atatu ndi mbuzi. Mphunzitsi wanzeru sangakweze ana a sukulu pa zimenezo. Inenso chigongono changa chikuchitira umboni, ndipo chipewa chija chikanakhala pakaliyala bwenzi nkhaniyi akulemba ndi ena. Koma njingazi zabwera ndipo sizichoka. Ngati mnyamata akudziwa kuti mlendo wolipira bwino amafuna laisensi ndi zipewa ziwiri, adzazipeza msanga kuposa m'mene angachitire poopa chindapusa.

Ndinabwerera tsiku lachitatu kudzera ku Chitakale, n'kufika ku Blantyre dzuwa likulowa, msana ngati wa munthu wosenza njerwa. Alamu anaizungulira njinga yawo kawiri osayankhula, anagwedeza tcheni, anasuzumira oyilo, kenaka anaima pa galasi losweka lija.

"Mandawo mwawaona?"

"Ena ndawaona alamu. A Chilembwe palibe akudziwa pomwe ali."

"Ndiye mwandiswera galasi ulele," anatero.

Galasilo ndinalipira, chubu ndinagula china. Za tayala lakumbuyo ati tikambirana mwezi ukatha.